Tsegulani mabuku a chipatala, amayi awerenge nawo

Olemekezeka a nduna za zaumoyo, aphungu a nyumba za malamulo, akuluakulu oyang'anira zipatala, ndi inu a mabungwe othandiza ndi ndalama,

Takulemberani ndife azamba, anamwino, maloya ndi amayi odzipereka amene timayendetsa magulu a amayi komanso kukhala m'makomiti a zipatala. Mumatidziwa, chifukwa pa 8 Marichi, tsiku la amayi padziko lonse, chaka chilichonse mumatiitana kudzaimba ndi kunyamula zikwangwani. Tsikulo likadutsa, tikafika pachipatala kudzafunsa kuti mankhwala oletsa kutaya magazi atsala angati, timauzidwa kuti zimenezo n'za mu ofesi. Kalatayi ikunena za khomo limenelo.

Chiwerengero mukuchidziwa kuposa ife. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2023 amayi pafupifupi 260,000 anamwalira ali oyembekezera, pochira kapena atangochira, ndipo pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse anali a mu Africa kum'mwera kwa Sahara. Maboma munagwirizana kuti pofika 2030 imfa zimenezi padziko lonse zitsike kufika pansi pa 70 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Mwa zida zimene muli nazo kuti mufikepo, magulu a amayi ndi chida chimene chinayesedwa kale. Ku Nepal, ku India, ku Bangladesh ndi ku Malawi, ofufuza anayerekeza madera okhala ndi magulu a amayi okumana mwezi ndi mwezi ndi madera opanda magulu otero. Zotsatira zitaphatikizidwa mu 2013, zinaoneka kuti kumene amayi oyembekezera osachepera 30 mwa 100 aliwonse ankafika ku gulu, imfa za makanda zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo za amayi zinatsikanso kwambiri. Mu 2014 WHO inalimbikitsa njirayi, makamaka kumidzi kumene chipatala chili kutali.

Ambiri a inu mumaganiza kuti gulu lotere ndi kalasi ya uchembere wabwino. Ayi ndithu. Wotsogolera ndi mayi wa m'dera lomwelo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kufunsa mafunso. Pamisonkhano yoyamba amayi amatchula okha mavuto awo, mothandizidwa ndi makadi a zithunzi, kenako aliyense amaika timiyala pa khadi la vuto limene akuliona kuti n'lalikulu. Akasankha awiri kapena atatu, amafukula chimene chimawayambitsa n'kugwirizana chochita: thumba la ndalama za mayendedwe a usiku, machira, mndandanda wa anthu okonzeka kupereka magazi, munthu woti aziperekeza mtsikana amene alibe womuperekeza. Akachita zimenezo amakaima pamaso pa dera lonse kunena zimene zatheka ndi zimene zakanika. Ulendo wonsewu umatenga chaka kapena kuposerapo, ndipo gulu limodzi limayenera kutumikira anthu pafupifupi 500.

Zimawonongeka pati? Pulojekiti ikabwera ndi changu cha miyezi 6, wotsogolera amapatsidwa buku la mauthenga n'kuyamba kulalikira, amayi n'kumangowomba m'manja. Pakabwera alawansi, gulu limadzaza ndi abale a wolemba mayina, ndipo tsiku limene alawansi yatha, gulu nalo latha. Gulu limodzi likapatsidwa dera la anthu masauzande, amayi oyembekezera ofikako sakwana 30 mwa 100 aja, phindu osaoneka. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti amene ali pangozi yaikulu ndiwo sabwera: mtsikana wa zaka 15 wobisa mimba, mayi wolumala miyendo, mayi wosamva amene palibe womumasulira, mayi amene mwamuna wake samulola kutuluka. Wotsogolera wodziwa ntchito amasunga mndandanda wa amene sanabwere, n'kuwalondola kwawo.

Gulu likayenda bwino limatumiza amayi ambiri kuchipatala, ndipo kuchokera pamenepo moyo wawo uli m'manja mwanu. Tengani chimene chimapha amayi ambiri kuposa china chilichonse, kutaya magazi akangochira. Mayi aliyense amayenera kubayidwa oxytocin, mayunitsi 10, pasanathe mphindi imodzi mwana atabadwa, kuti chiberekero chifinyike n'kulimba. Mankhwalawa amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Akakhalitsa m'kabati yotentha, kabotolo kamaoneka chimodzimodzi koma mphamvu yachepa, mzamba amabaya kawiri katatu n'kumadabwa kuti magazi sakuleka. Kumene firiji ndi yosadalirika kuli carbetocin wopirira kutentha, amene WHO inamuika m'malangizo ake mu 2018, kapena mapiritsi a misoprostol. Kugula oxytocin wambiri popanda kufunsa kumene akasungidwe ndi kutaya ndalama pamodzi ndi miyoyo.

Kuyeza magazi ndi maso kumanamiza ngakhale mzamba wa zaka zambiri, poti magazi amalowa m'nsalu, ena n'kudontha pansi. Pali pepala lapulasitiki loyala kunsi kwa mayi, lokhala ndi thumba la mizere yoyezera. Magazi akafika pamzere wa mamililita 500, zonse zimachitika nthawi imodzi, osati kuyesa chimodzi n'kudikira: kusisita chiberekero, oxytocin, tranexamic acid, diripi, kufufuza ngati pena pang'ambika kapena nsengwa yatsalira, ndipo ngati sakuleka, kuitana wamkulu. Njirayi inayesedwa m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2023 zinasonyeza kuti kutaya magazi koopsa ndi mavuto ake aakulu kunatsika ndi 60 pa 100. Tranexamic acid, mankhwala othandiza magazi kuundana, ndi galamu imodzi mumtsempha, pasanathe maola atatu mayi atachira. Akadutsa maola amenewo sathandizanso, choncho kumusunga kuchipatala chachikulu chokha, ulendo wa maola anayi, n'chimodzimodzi kusakhala naye.

Za kuthamanga kwa magazi n'zofanana. Makina oyezera akakhala opanda mabatire, mayi amene wafika pa 160 ndi 110 amabwerera kunyumba ndi mankhwala a mutu. Akayamba kuphupha, ayenera kulandira magnesium sulphate asanakwere ambulansi: magalamu 4 mumtsempha ndi magalamu 10 m'matako, 5 mbali iliyonse. Anamwino ambiri amaopa kumupereka chifukwa sanayesererepo kapena chifukwa calcium gluconate, wochepetsa mphamvu yake ikapitirira, mulibe m'thireyi. Mayi amatumizidwa wosabayidwa, n'kukaphuphira panjira.

Zonsezi n'zowerengeka, ndipo apa ndi pamene pali pempho lathu loyamba. Pakhomo la chipinda chochilira chilichonse pakhomedwe pepala, mwezi ndi mwezi, losonyeza mankhwala amene tatchulawa pamodzi ndi njira zolerera: analandira angati, agwiritsa ntchito angati, atsala angati, ndipo anasowa masiku angati. Pakhalenso malita a mafuta a ambulansi ndi mapaketi a magazi amene anapemphedwa ndi amene anafika. Amayi awiri a komiti aloledwe kulowa mosungira mankhwala kukayerekeza khadi la kaundula ndi zimene zili pa shelefu, komanso kuona pepala lolembapo kuzizira kwa firiji. Pepala limenelo likakhala ndi nambala imodzimodzi masiku 30, yolembedwa ndi cholembera chimodzi, ngakhale masiku amene magetsi anazima, munthu sachita kufuna digiri kuti adziwe kuti linalembedwa tsiku limodzi.

Sitikubisirani kuti kuwerenga kokha sikuchiritsa. Ku Uganda, kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 anapeza kuti m'madera amene anthu anapatsidwa zotsatira za chipatala chawo n'kukambirana ndi ogwira ntchito, imfa za ana osakwana zaka zisanu zinatsika ndi gawo limodzi mwa atatu. Kafukufuku wina wamkulu amene anabwereza njirayi m'dziko lomwelo patapita zaka sanapeze kusintha kotero. Ife tikuona kuti nkhani yagona pa woyankha. Namwino wa pachipatala chaching'ono sangatulutse mafuta a ambulansi m'thumba mwake, ndipo msonkhano wongomukalipira umathera pa chidani. Dandaulo liyenera kukwera kufika kwa amene ali ndi bajeti, ndipo iye ayankhe molemba pasanathe masiku 30, yankholo likhomedwe pafupi ndi pepala lija. Komitinso isasankhidwe ndi mkulu wa chipatala. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: amene anakulowetsa mu komiti sungamufunse za mankhwala osowa. Ndipo poti mayi wodandaula adzabwereranso pachipatala chomwecho mimba yotsatira, pakhale njira yodandaulira yosadutsa m'manja mwa amene akuwadandaula.

Imfa ya mayi aliyense pachipatala imayenera kudziwitsidwa kwa akuluakulu pasanathe maola 24, kenako kuunikidwa popanda kuloza munthu chala. Mukasandutsa kuunikako kukhala khoti, ogwira ntchito amaphunzira msanga kudziteteza: mayi amene akuoneka kuti sapulumuka amathamangitsidwa pa ambulansi kuti akafere kwina, kapena imfa yake imalembedwa pa matenda ena. Tikupempha kuti pakuunika kulikonse amveke mawu a amene anamuperekeza, chifukwa ndiye amadziwa kuti anadikira maola angati pabenchi, ndipo zimene mwagwirizana kukonza zilembedwe poyera ndi tsiku lake, kuti miyezi itatu ikatha tione ngati zachitika.

Tsopano za ufulu wa mayi pa thupi lake. Zopinga zambiri zimene amayi amakumana nazo sizili m'lamulo lililonse, zinangomera pawindo la chipatala. Kulimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo kusikelo kunali maganizo abwino, koma kukasanduka "bwererani mukabwere ndi bambo", wolangidwa ndi mayi wosakwatiwa, wamasiye, ndi amene akuthawa nkhanza. Chindapusa cha wochilira pakhomo chimachititsa kuti mayi amene akutaya magazi kunyumba abisale m'malo mothamangira kuchipatala. Mayi wofuna kulera amabwezedwa chifukwa sali kumwezi, pamene pali mafunso ochepa komanso kachipangizo koyezera mkodzo zothandiza kudziwa ngati ali ndi pakati. Jakisoni wa Depo amabayidwa masabata 13 aliwonse, ndipo mayi akachedwa ndi masabata osapitirira anayi akhoza kubayidwa popanda zovuta, komabe alipo amene amabwezedwa atachedwa sabata imodzi. Zonsezi zikhoza kutha ndi kalata imodzi yochokera ku ofesi yanu, yowerengedwa pamaso pa ogwira ntchito ndi kukhomedwa pamene odwala angaiwerenge.

Pa njira yolerera ya pamkono pali msampha umene inu a mabungwe muyenera kuuvomereza. Mumawerenga amayi amene aikidwa, simuwerenga amene achotsedwa atapempha. Galimoto imafika m'dera, kuika amayi ambirimbiri tsiku limodzi, n'kupita. Mayi akayamba kusamba mosalekeza, kapena akafuna mwana, amauzidwa kuti wodziwa kuchotsa kulibe, zida kulibe, kapena adikire zaka zitatu kapena zisanu zikwane chifukwa kachipangizoko n'kodula. Njira imene munthu sangaisiye pamene wafuna yasanduka goli. Asanaikidwe auzidwe kumene akachotsere ndi tsiku lake la sabata, ndipo malipoti anu aonetse opempha kuchotsa ndi masiku amene anadikira. Mbiri ikutichenjeza za kumene kuthamangitsa manambala kumathera. Ku Peru, pakati pa 1996 ndi 2000, amayi oposa 270,000 anatsekedwa kuti asaberekenso, ambiri osauka olankhula Chiquechua, ndipo masauzande mwa iwo sanavomere mwaufulu. Ku Namibia, khoti lalikulu linagamula mu 2014 mokomera amayi atatu okhala ndi HIV amene anatsekedwa atasainitsidwa mapepala ali pa ululu wa kubereka. Siginecha yotengedwa pa nthawi yotero si chilolezo.

Kusalingana kumabisala m'manambala ophatikiza. Ku America, mayi wakuda ali pangozi yomwalira pa uchembere pafupifupi katatu kuposa mzungu, m'dziko la zipatala zapamwamba. Ku Brazil, Alyne da Silva Pimentel, mayi wakuda wosauka, anamwalira mu 2002 chifukwa chochedwa kuthandizidwa, ndipo mu 2011 komiti ya United Nations yoona za kusalidwa kwa amayi inapeza boma lake lolakwa. Ku Kenya, khoti linagamula mu 2015 kuti kutsekera amayi m'chipatala chifukwa cholephera kulipira atachira ndi kuphwanya ufulu wawo. Gawani manambala anu potengera dera, msinkhu, ulumali ndi kapezedwe, muone amene akutsalira.

Mayi kapena mtsikana wogwiriridwa akuthamangitsana ndi maola. Mankhwala oteteza ku HIV ayenera kuyamba pasanathe maola 72 ndi kumwedwa masiku 28. Mapiritsi olera pangozi amagwira bwino akamwedwa msanga, ndipo malire ake ndi maola 120. Lamulo lakuti ayambe wapita kupolisi kukatenga kalata limadya maola amenewa, makamaka zikachitika Lachisanu usiku. Thandizo la chipatala liyambe, za polisi zitsatire ngati iye wafuna. Mankhwala onse awiri akhale m'kabati imene namwino wa usiku ali ndi kiyi wake.

Pa nkhani yochotsa mimba tikudziwa kuti ena a inu chikhulupiriro chanu sichilola, ndipo ngakhale pakati pathu sitigwirizana pa zonse. Komabe pali zimene tonse tingazione ndi maso. WHO imati pafupifupi 45 mwa mimba 100 zilizonse zochotsedwa padziko lapansi zimachotsedwa m'njira zoika moyo pachiswe. Dziko la Romania litaletsa kuchotsa mimba mu 1966, imfa za amayi zinakwera mpaka kuposa mayiko onse a ku Ulaya, ndipo lamulolo litachotsedwa kumapeto kwa 1989 zinatsika kwambiri chaka chotsatira chomwe. Ku South Africa, lamulo la 1996 lololeza kuchotsa mimba litayamba kugwira ntchito, imfa zobwera chifukwa chochotsa mimba zinatsika ndi pafupifupi 90 pa 100.

Kaya lamulo la dziko lanu likuti chiyani, mayi wobwera akutaya magazi ndi zotsalira m'chiberekero ayenera kuthandizidwa nthawi yomweyo. Wopita padera ndi wochotsa dala amaoneka chimodzimodzi pabedi, ndipo mukalola kuti afunsidwe ngati wamlandu kapena kuitanira apolisi, onse awiri amayamba kuchedwa kunyumba mpaka chiberekero chitaola. Thandizo lake n'losavuta: kuyamwa zotsalira ndi chipangizo cha MVA kapena kupereka misoprostol, mankhwala opha tizilombo ngati watentha thupi, ndi kumufotokozera za kulera asanatuluke, poti akhoza kutenganso pakati pakangotha masabata awiri. Azamba ophunzitsidwa amachita zimenezi bwinobwino. Kupala chiberekero ndi chitsulo ndi njira yakale imene WHO inasiya kulimbikitsa, koma imapitirira kumene zipangizo za MVA zinatha osagulidwanso.

Kumene lamulo limalola kuchotsa mimba "pofuna kupulumutsa moyo wa mayi" osafotokoza zambiri, dokotala amatsala ndi funso loopsa: mayiyu ayandikire imfa motani kuti ndisamangidwe? Savita Halappanavar anamwalira ku Galway m'dziko la Ireland mu Okutobala 2012, mimba ya masabata 17 ikupita padera, madokotala akudikira kuti mtima wa mwana uyambe waima. Amayi a dzikolo sanaiwale, ndipo mu Meyi 2018 anthu pafupifupi 66 mwa 100 aliwonse anavota kusintha malamulo. Musadikire dzina lotere. Lembani malangizo omveka: matenda ati, woganiza ndani, pasanathe maola angati, ndipo wokana chifukwa cha chikhulupiriro atumize mayiyo kwa yani tsiku lomwelo. Inu a mayiko amene munavomereza pangano la Maputo la 2003 lonena za ufulu wa amayi mu Africa, ndime 14 inanena kale zololeza kuchotsa mimba kwa wogwiriridwa, wopatsidwa mimba ndi wachibale, ndi amene thanzi kapena moyo wake uli pangozi. Chatsala ndi kugwirizanitsa malamulo anu ndi zimene munasainira.

Zosintha zimenezi sizinabwerepo chifukwa cha chifundo cha ofesi. Bungwe lomenyera mankhwala a HIV la Treatment Action Campaign ku South Africa linayamba mu 1998, mamembala ake wamba n'kuphunzira mayina a mankhwala ndi kagwiridwe kake mpaka kutsutsana ndi akatswiri, ndipo mu Julayi 2002 khoti linalamula boma kupereka nevirapine, mankhwala oteteza mwana kuti asatenge kachilombo, kwa amayi oyembekezera okhala ndi HIV. Ku Uganda, mlandu wa imfa za amayi awiri pochira unalowa m'khoti mu 2011, chigamulo chokomera odandaula chinatuluka mu 2020. Ku Argentina, amayi a mipango yobiriwira anayamba kampeni yawo yofuna lamulo lololeza kuchotsa mimba mu 2005, lamulolo linadutsa mu Disembala 2020. Zaka 4, zaka 9, zaka 15. Inu a mabungwe, yerekezani zimenezi ndi thandizo lanu la miyezi 12 lokhala ndi mafomu a m'Chingerezi amene gulu la kumudzi silingawadzaze popanda kulemba ganyu munthu wa m'tauni. Magulu amafuna ndalama zochepa koma zosadukiza, za mayendedwe, mayunitsi a foni ndi mapepala, ndiponso ufulu wodzudzula ngakhale amene akuwapatsa ndalamawo.

Inu a boma, mu Januwale 2025 munaona momwe thandizo la America linaimira mwadzidzidzi, ndi momwe njira zolerera ndi zipatala zoyendayenda zinagwedezekera m'mayiko ambiri. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 pa 100 ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ofikapo ndi owerengeka. Ngakhale kumene mzere wogulira njira zolerera ulipo m'bajeti, ndalama zolembedwa ndi ndalama zotulutsidwa zimasiyana. Aphungu, funsani zotulutsidwa, miyezi itatu iliyonse, ndipo yankho lifalitsidwe. Namwino amene wanena poyera kuti mankhwala atha musamusamutsire kutali ngati chilango, chifukwa anzake onse amaona n'kutseka pakamwa.

Zina mwa zimenezi zifuna nyumba ya malamulo ndi zaka. Pepala la pakhomo la chipinda chochilira likufuna cholembera ndi kalata yanu yololeza. Sabata yoyamba ya mwezi uliwonse amayi a magulu athu azifika kudzaliwerenga ndi kukopera manambala m'makope awo. Pamene palibe, tizilemba tsiku ndi dzina la chipatala, n'kutumiza ku ofesi yanu ndi kwa phungu wa deralo.

Ndife, mwaulemu,
Azamba, anamwino, maloya ndi amayi a m'magulu ndi m'makomiti a zipatala